Buku la Veronica M'bokosi

Komponi, Springs
16 Januwale 1955

Okondedwa amake Veronica,

Moni nonse kumeneko. Ine kuno ndili bwino, palibe pakuwawa. Ndikhulupirira kuti inunso ndi mwana wathu mukudzuka bwino. Kalata yanu ndailandira itayenda masiku makumi awiri ndi limodzi. Veronica, popeza ndiwe umawerengera amako makalata anga, uwerenge zonse, usadumphe mzere umene sunakukomere.

Ndamva zimene anena alamu anga a Fanuelo. Iwo ndi amalume a mwanayo, ine ndine mkamwini chabe, mwambo ndikuudziwa. Akuti mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi wakula, ndipo mwana wa a Thomson wa ku chilumba cha Chisi, msodzi wa mabwato awiri uja, wafunsira. Sindikangana nawo. Koma muwauze mawu awa, ndipo kalatayi muisunge ikhale mboni. Mu Julaye Veronica akayese mayeso olowera kusukulu yogonera ya atsikana kumishoni. Akakhoza, apite kusukulu, za ukwati ziime. Akalephera, ine sindidzatsegulanso pakamwa, amalume ake achite monga aonera.

Sindikuopa kulonjeza chotere chifukwa mwanayo ndikumudziwa. Masamu ali nawo. Chimene masisitere amayang'ana kwambiri ndi Chingerezi, cholemba ndi choyankhula. Mwati m'mawa uliwonse popita kumadzi amapatukira kwa aphunzitsi a Edwadi, nkhalamba ija inapuma ntchito, ndipo amayankhula naye Chingerezi mpaka madzi a tiyi atawira, kenako n'kumuuza kuti azipita. Muwathokoze. Koma ndifuna kudziwa chinthu chimodzi: ketulo yawoyo imatenga mphindi zingati? Veronica ayang'ane pa wotchi yawo, andilembere.

Ndatumiza mapaundi awiri, mugule mchere ndi sopo ku Songani. Ngati mtsinje wa Likangala wasefukira musaoke mpunga kumunsi kufupi ndi udzu wa njedza, mudikire madzi atsike.

Ndine mwamuna wanu,
Saulos

27 Febuluwale 1955

Okondedwa amake Veronica,

Ndili moyo, ndipo ndakondwa kumva kuti malungo aja akusiyani.

Veronica walemba kuti ketulo ya a Edwadi imawira m'mphindi khumi. Walembanso kuti sisitere wina anabwera kutchalitchi kwathu, anamufunsa mafunso m'Chingerezi, iye n'kuyankha onse mpaka sisitereyo kuseka ndi kumugwira dzanja. Zabwino, mwana wanga, koma kuseka kwa sisitere si mayeso.

Ndatenga pensulo ndawerengera. Kuchokera tsiku limene kalatayi ifike mpaka mayeso pali pafupifupi masabata khumi ndi asanu ndi limodzi. Mphindi khumi tsiku lililonse, kupatula Lamlungu, zikukwana maola khumi ndi asanu ndi limodzi okha. Tsono taonani njira ina. Mukatha kukolola, mwanayo akhale pansi masabata atatu athunthu, osapita kumunda, osapita kumadzi, maola asanu ndi atatu pa tsiku. Amenewo ndi maola 144, kuposa a ketulo aja kasanu ndi kanayi. Apa palibe chokangana.

Choncho kwa a Edwadi asiye kupitako. M'mawa ndiyo nthawi ya ntchito, ndipo sindifuna kuti a Fanuelo apeze ponenera kuti sukulu ikugonetsa munda. Mpunga womwewo ndiwo udzamugulire zovala za kusukulu. Pa 20 Juni adzabwerere kwa aphunzitsi, tsiku lonse.

Inenso ndimachita chimodzimodzi. Kumgodi kuno sayankhula Chingerezi, amangokalipirana m'Chifanakalo, ndiye Lamlungu lonse ndimakhala ndi nyuzipepala ndi dikishonale, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. M'chipinda mwathu muli mnzanga wa ku Songani, dzina lake Rajabu, Msilamu, amachapa mabulangeti kuchipatala cha komponi. Kusukulu ya mishoni sanapondeko. Iyeyu ali ndi kathabwa kamene anachotsa ku bokosi la sopo. Amalembapo mizere itatu ya Chingerezi ndi choko, n'kumainena mokweza posamba m'mawa, ngati munthu wobwebweta. Mawa lake amafufuta, n'kulemba ina.

Ndinamufunsa kuti, "Che Rajabu, mizere itatu pa tsiku, Chingerezi mudzachimaliza muli ndi imvi?"

Iye anati, "Achimwene, mwalimu wathu kumadarasa ankatipatsa mizere iwiri pa thabwa. Ukapempha yachitatu, chikwapu. Lero ndidzutseni kutulo, ndikunenerani yonse. Nanga inu ya Lamlungu lathali, tanenani tione."

Ndinamuuza kuti kuloweza si kudziwa. Munthu wabwino, koma masamu alibe.

Moni kwa alamu.

Saulos

24 Epulo 1955

Okondedwa amake Veronica,

Moni. Kuno kwayamba kuzizira, koma ndili bwino. Pasaka tinadya bwino.

Mawu a a Edwadi ndawamva. Akuti chiyankhulo chili ngati ukonde, umasokedwa tsiku lililonse pobwera kunyanja, ukadikira mwezi umapeza zibowo zokhazokha. Ndi mawu okoma, koma sanandipatse nambala. Ndimawalemekeza, koma za mwana wanga ndanena kale.

Chimene chandikwiyitsa ndi ichi mwalemba kumapeto. Mwati Veronica amatenga buku lake la Chingerezi kupita nalo pa nsanja pokapirikitsa mbalame, ndipo m'malo mokuwa monga amakuwira anthu onse, amakuwira mphetazo ndi mawu a m'buku, mpaka a m'minda yoyandikana ayamba kumutcha dona wa mbalame. Mwatinso a Fanuelo anamupeza maso ali pa buku, mpheta zikudya kumbali ya kumadzulo. Veronica, ndikudziwa kuti ukuwerenga ndiwe. Zimenezi ndizo ndinakana. Munthu sagwira ntchito ziwiri nthawi imodzi, zonse zimaonongeka. Bukulo ndi limodzi m'mudzi monse, ndinaligula ndekha ku Zomba. Likagwera m'madzi a m'munda, pa 20 Juni udzawerenga chiyani?

Amake Veronica, bukulo mulitsekere m'bokosi langa lachitsulo lija, kiyi mumange pa mkanda wanu. Lidzatuluke tsiku ndinanena lija. Akalira, alire, adzandithokoza.

Tsopano za kuno. Kuchipatala cha komponi akufuna womasulira, woima pakati pa dokotala ndi odwala a kwathu. Ndi ntchito yovala malaya oyera, ndipo amene waipeza amaloledwa kupita kwawo chaka chilichonse. Adzatiyesa kumayambiriro kwa Juni. Talembetsa anthu anayi. Rajabu nayenso walembetsa, anthu m'chipinda anaseka. Ine ntchito yanga ya kunyumba ya nyali, kumene timadzaza nyali za olowa mumgodi, imandisiyira nthawi yamadzulo, ndiye milungu iwiri yomaliza ndidzachita monga ndauzira mwanayo. Mawu amene ndalemba m'kabuku kanga apitirira zikwi ziwiri.

Mpunga woyamba kucha musagulitse msanga, mitengo imakwera mu Ogasiti.

Saulos

5 Juni 1955

Amake Veronica,

Moni. Ndili moyo. Kalata yanu ndailandira, ndamva kuti buku lili m'bokosi ndipo mpunga mwamweta wambiri. Ndaona kuti Veronica sanawonjezere mawu ake pansi monga amachitira. Palibe kanthu.

Mwezi uno sinditumiza kanthu. Kunyumba ya nyali sindilikonso, andipatsa ntchito ina. Adiresi ndi yomweyi. Za kuchipatala zija musafunse.

Ngati mungapeze munthu wobwera kuno, munditumizire matemba ouma pang'ono. Zakudya za kuno sizikulowa.

Saulos

19 Juni 1955

Amake Veronica,

Moni. Kalata iyi muiwerenge tsiku lomwelo, ndipo muitengere kwa a Edwadi.

M'kalata yapita ija ndinabisa. Ndinena tsopano monga zinachitikira, chifukwa zikukhudza mwana.

Milungu iwiri ija ndinawerenga monga ndinakonzera, maola onse amene ndinali nawo. Tsiku la mayeso dokotala sanatipatse pepala. Anabweretsa wodwala, munthu wa ku Mulanje wotupa bondo, n'kundiuza kuti ndimufunse chimene chikumuvuta, ndimuuze iyeyo m'Chingerezi. Wodwalayo ndinamumva bwinobwino. Mawu onse ofunika ndinkawadziwa, ndinkaona ngakhale tsamba limene ndinawalemba. Koma pakamwa sanabwere. Lilime linali lolemera ngati la munthu wodzuka kumene. Dokotala anadikira, anayang'ana wotchi, n'kuitana wotsatira.

Wotsatirayo anali Rajabu. Ndinaima pakhomo ndikumva. Chingerezi chake n'chokhota, mawu ake sakwana mazana atatu, ndipo kawiri analakwitsa zimene mwana wa Sitandade 2 sangalakwitse. Koma dokotala akafunsa, yankho linkatuluka pompo. Ntchito ndi yake.

Madzulo ndinamufunsa kuti anachita bwanji. Anati, "Achimwene, inu mawu anu mwawasunga m'nkhokwe, anga ali m'manja. Ndi ochepa, koma ndimawagwira tsiku lililonse." Kenako anati, "Musadandaule, mukadwala ndidzakumasulirani bwino." Anaseka yekha.

Za kunyumba ya nyali, sabata yomweyo ndinapereka nyali ziwiri zosadzaza chifukwa cha kutopa. Tsopano ndimalowa pansi mumgodi. Zimenezo zisakuvuteni.

Ndabwereranso ku masamu anga aja kufuna pamene ndinalakwa. Kuchulukitsa ndinachulukitsa bwino. Chimene sindinawerengere ndi zimene zimatayika pa masiku amene munthu sanatsegule pakamwa. Ndadziyesa ndekha: mawu makumi asanu amene ndinaloweza Lamlungu, pofika Loweruka anatsala khumi ndi anayi. Mizere itatu ya Rajabu ya Lolemba, Loweruka inalipo yonse itatu.

Choncho mverani. Mwanayo musamukhazike maola asanu ndi atatu, mutu udzangotentha. Azipita kwa a Edwadi m'mawa, masana ndi madzulo, pang'onopang'ono, ndipo aziyankhula mokweza, osati kuwerenga chamumtima. Ngati afuna kukuwira nkhuku m'Chingerezi, musiyeni.

Ndikudziwa kuti kalata imayenda masiku makumi awiri ndi limodzi. Ifika pa 10 Julaye. Mayeso ndi pa 12. Ndawerengera kangapo, sizikusintha. Ndinafunsa za telegalamu, koma kumudzi kwathu ndani angaifikitse, ndipo zonsezi zingakwane bwanji m'mawu khumi?

Veronica, mwana wanga, zimene unkachita pa nsanja zinali zolondola.

Saulos

21 Ogasiti 1955

Okondedwa amake Veronica,

Moni. Ndili bwino, kachifuwa chabe, n'kozizira kuno.

Nditangoona envelopu ndinadziwa, chifukwa dzanja silinali la Veronica. Muwathokoze a Edwadi polemba m'malo mwanu, ndiponso posandibisira kanthu.

Ndibwereze zimene alemba, kuti mudziwe kuti ndamva. Masabata atatu aja mwanayo anakhala pa mphasa kuyambira m'mawa mpaka madzulo monga ndinalamulira, mpaka maso kufiira. Masamu anakhoza kuposa atsikana onse. Chingerezi cholemba anakhoza pang'ono. Pa choyankhula anakumana ndi sisitere yemwe uja anamugwira dzanja mu Febuluwale. Sisitereyo anamuzindikira, anamufunsa funso lophweka, za kwawo ndi za ntchito ya bambo ake. Mwanayo anangoima. Anamufunsanso kachiwiri, mofatsa. Anangoyang'ana pansi. Malo anali khumi ndi awiri, iye anakhala wa khumi ndi chisanu. Ndipo sisitereyo pambuyo pake anafunsa a Edwadi kuti, mwana uja munamuchita chiyani?

A Edwadi alemba kuti sanayankhe. Muwauze kuti akadzakumananso naye ayankhe, atchule dzina langa.

Kuima kumeneko ndikukudziwa. Ndikudziwa pamene maso amayang'ana, ndi mmene makutu amatenthera. Ine ndinaima chotero pa zaka makumi anayi ndi ziwiri, mwa kufuna kwanga. Iye anaima chifukwa chomvera bambo ake.

Ndaikamo kalata ina ya alamu a Fanuelo. Ndawapempha chaka chimodzi chokha. Ndawafotokozera kuti mayeso aja sanayese mwanayo, anayesa njira yanga, ndipo njirayo ndi imene yalephera. Masisitere amalola kuyesanso mpaka zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, a Edwadi atero. Inu ndinu mlongo wawo, mukawayankhule nokha pamene palibe anthu. Musapite ndi ukali. Mutenge nkhuku.

Mwati Veronica akudya, akugwira ntchito, koma makalata anga akuti awerenge wina. Musamukakamize.

Ndatumiza paundi imodzi. Denga la khitchini mufolere mvula isanayambe.

Saulos

13 Novembala 1955

Okondedwa amake Veronica,

Moni kwa inu, moni kwa a Edwadi amene akuwerenga. Ine ndikudzuka. Dokotala anandiona pa chifuwa, akuti adzandionanso Januwale. Anandimasulira ndi Rajabu, monga analonjezera, ngakhale theka la mawuwo ndinayankha ndekha.

Yankho la alamu ndalimva. Mwati anakuuzani kuti mutulutse kalata yanga ya Januwale, n'kuitanitsa mwana wa sukulu kuti aiwerenge pamaso pa ankhoswe, mpaka pamene ndinalemba kuti sindidzatsegulanso pakamwa. Kenako anati, "Alamu ndi munthu wophunzira, amalemba zimene akudziwa. Ife osaphunzira tingasinthe bwanji za papepala?" Sanalakwe. Ndinalemba ndine, ndinatinso muisunge ikhale mboni. Anadikira miyezi isanu ndi umodzi monga tinapanganirana, ndipo a ku Chisi nawonso anadikira. Sindiwaimba mlandu, inunso musawaimbe.

Ndamva kuti alengeza kale kawiri kutchalitchi, ndipo ukwati ndi wa sabata ya Khirisimasi. Sindidzakhalapo, kontalakiti yanga ikutha Juni. Ndatumiza nsalu ziwiri ndi bulangeti kudzera kwa Alli wa ku Kachulu, amene akunyamuka Lachisanu. Za mnyamatayo ndafunsa kwa anthu a kwathu ali kuno. Akuti samwa, ndipo maukonde ake amawasamala. Popeza mabwato ake ali kuchilumba, ndamva kuti alamu alola kuti ayambe akhala komweko. Zimenezo ndi zimene ndikudziwa, zina sindidziwa.

Rajabu anandidulira kathabwa kanga. Lero ndi tsiku la 147. Mizere itatu, posamba, mokweza. A m'chipinda amandiseka monga ndinkamusekera iye. Ndawerengera kuti nthawi yonseyi pamodzi sikwana maola makumi awiri ndi asanu, ndipo ndikuyankhula kuposa mmene ndinkayankhulira pa zaka zisanu ndi chimodzi za Malamlungu. Sindikulemba izi kuti ndidzitame. Ntchito ija ili ndi mwini wake, ndipo Chingerezi changa tsopano chilibe kopita. Ndikulemba kuti a Edwadi amve nambala imene ndinkawafunsa ija. Ndaipeza ndekha, mochedwa ndi miyezi isanu ndi inayi.

Mwanditumizira funso lakuti buku lija mulichite chiyani, popeza tsiku lobwera kumayeso Veronica analibweza yekha m'bokosi, n'kukupatsani kiyi. Mwati mwina tiligulitse kwa ana a sukulu.

Musaligulitse. Tsegulani bokosilo, kiyi muchotse pa mkanda. Bukulo muliike pakati pa nsalu ziwiri zija, apite nalo ku Chisi. Musamuuze kuti aziwerenga, musamuuze nthawi, musamuuze kuti ndanena ndine. Ine za maola ndasiya kulamula. Akafuna kulitsegula poyanika matemba, alitsegule. Akafuna kukwera nalo m'bwato, akwere nalo.

Likanyowa, linyowe.

Ndine mwamuna wanu,
Saulos